Kutupa kobisika kumene kumadya minofu ya okalamba: zimene mabanja a ku Kapata ayenera kudziwa

CHIPATA – Akatswiri a zaumoyo akunena kuti kufooka kwa manja ndi miyendo kumene kumagwira anthu acikulire ndi matenda amene ali ndi dzina, amene angathe kupimidwa ndiponso kucepetsedwa. Iwo apeza kuti cimodzi mwa zinthu zimene zimayendera limodzi ndi vutoli ndi kutupa kwa m'kati mwa thupi, kumene sikuoneka ndi maso ndipo sikupweteka, koma kumakhala zaka zambiri kukudya minofu pang'onopang'ono.

Nkhani imeneyi ikukhudza mabanja ambiri m'komboni ya Kapata ndi m'midzi yozungulira mzinda wa Chipata, kumene agogo ndiwo amalera adzukulu, kulima minda ndi kugulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba pa msika. Agogo akalephera kudzuka pa mphasa popanda wowagwira dzanja, kapena akasiya kupita ku msika cifukwa miyendo yalema, banja lonse limagwedezeka. Ambiri amangoti ndi ukalamba ndipo palibe cocita. Madokotala akuti cocita cilipo, makamaka ngati vutoli ladziwika msanga.

Matenda a kutha kwa minofu

Munthu akapitirira zaka 30, minofu yake imayamba kucepa ndi maperesenti atatu mpaka asanu ndi atatu pa zaka khumi zilizonse, ndipo akafika zaka 60 kucepako kumathamanga kwambiri. Mphamvu zimatha msanga kuposa mnofu weniweniwo. N'cifukwa cake munthu angaoneke wathupi ndithu, koma akulephera kunyamula ndowa ya madzi kapena kukwera njinga imene wakhala akuipalasa moyo wake wonse.

Kutha kwa minofu kukafika poika moyo wa munthu pa ngozi, madokotala amakucha sarcopenia. Dzinali linaperekedwa m'caka ca 1989 ndi dokotala wa ku America, Irwin Rosenberg, ndipo linacokera ku mau awiri a Cigiriki otanthauza mnofu ndi kusowa. M'caka ca 2016 vutoli linapatsidwa nambala yakeyake m'kaundula wa matenda amene madokotala a ku America amagwiritsa nchito, kusonyeza kuti linavomerezedwa monga matenda oima paokha.

Nchito ya minofu si kuyendetsa thupi cabe. Munthu akadya nsima, mbali yaikulu ya shuga amene amalowa m'magazi imatengedwa ndi minofu, motero minofu ikacepa matenda a shuga amapeza mpata. Minofu ndiyonso nkhokwe ya zomanga thupi. Munthu akadwala cibayo, akacitidwa opaleshoni kapena akathyoka fupa, thupi limapita kukatapa m'nkhokwe imeneyi kuti licire. Wokalamba amene nkhokwe yake ili yopanda kanthu amacedwa kucira, amakhalitsa m'cipatala, ndipo kawirikawiri amagwa. Kuthyoka kwa fupa la m'ciuno ndi cimodzi mwa zinthu zimene zimagoneka nkhalamba pa mphasa mpaka imfa.

Kutupa kuli mitundu iwiri

Kutupa kumene tonse timakudziwa ndi kuja kumene kumabwera munthu akadzitema ndi khasu kapena akalumidwa ndi njuci. Pamalopo pamafiira, pamatentha, pamatupa ndipo pamapweteka. Kumeneku ndi kutupa kwabwino. Asilikali a m'thupi amathamangira pa cilonda kukapha tizilombo ndi kucotsa zoonongeka, ndipo nchito ikatha amabwerera. Pakapita masiku ocepa cilonda cimapola.

Mtundu waciwiri ndi umene ukudetsa nkhawa akatswiri. Apa citetezo ca m'thupi cimakhala cili maso usana ndi usiku ngakhale palibe mdani woonekera. Cimatulutsa timadzi tonyamula uthenga wa nkhondo, pang'ono cabe, koma kosalekeza kwa zaka zambiri. Tingakuyerekeze ndi khala la moto limene latsala m'phulusa: silitulutsa malawi, komabe cikuni cimene cili pafupi cimanyeka mpaka kutha.

Katswiri wa ku Italy, Claudio Franceschi wa pa yunivesite ya Bologna, ndiye anachukitsa ganizo limeneli m'caka ca 2000, ndipo analipatsa dzina lakuti inflammaging, kulumikiza mau a Cingelezi a kutupa ndi kukalamba. Timadzi timene ofufuza amatiyang'ana kwambiri m'magazi ndi IL-6 ndi TNF-alpha, pamodzi ndi CRP amene amapangidwa ndi ciwindi pamene thupi lili pa nkhondo.

Umboni wogwirizanitsa timadzi timeneti ndi minofu unayamba kuculuka kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000. Kafukufuku wa Health ABC, amene anacitika m'mizinda ya Pittsburgh ndi Memphis ku America pa anthu opitirira 3,000 a zaka 70 mpaka 79, anasonyeza m'caka ca 2002 kuti amene anali ndi IL-6 ndi TNF-alpha wambiri m'magazi anali ndi minofu yocepa ndi mphamvu zocepa. Ku Amsterdam, ofufuza anatsatira okalamba kwa zaka zitatu, ndipo m'caka ca 2006 analengeza kuti amene anali ndi IL-6 ndi CRP wokwera ndiwo anataya kwambiri mphamvu za m'manja.

Mmene kutupa kumadyera mnofu

Mnofu uli ngati nyumba ya dothi imene mwini wake amaimata caka ndi caka. Tsiku lililonse thupi limagumula tizigawo takale ta mnofu ndi kumanga tatsopano kucokera ku cakudya. Pamene kumanga ndi kugumula zikulingana, mnofu umakhala cimodzimodzi. Kutupa kokhalitsa kumasokoneza mlingo umenewu m'njira zingapo.

Coyamba, kumafulumizitsa kugumula. M'kati mwa maselo muli makina aang'ono amene nchito yao ndi kuphwanya mapuloteni amene aikidwa cizindikiro cakuti atha nchito. Asayansi atatu amene anatulukira njira imeneyi, Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2004. TNF-alpha akaculuka, mapuloteni ambiri a mnofu amaikidwa cizindikiro cimeneci ndi kuphwanyidwa. Mphamvu ya TNF-alpha yoondetsa thupi inadziwika kale m'caka ca 1985, pamene Bruce Beutler ndi Anthony Cerami anasonyeza kuti ndi yemweyo amene ankamucha cachectin, amene amaondetsa nyama zodwala matenda okhalitsa.

Caciwiri, kumacedwetsa kumanga. Wacinyamata akadya nyemba kapena nsomba, minofu yake imalandira uthenga msanga ndi kuyamba kumanga. Mnofu wa wokalamba umakhala ngati wogontha ku uthengawo, ndipo kutupa kumaonjezera kugontha kumeneku. Cakudya cimene cikanakwanira mnyamata sicikwanira kudzutsa mnofu wa agogo ake.

Cacitatu, kumafooketsa maselo apadera amene amakhala m'mbali mwa mnofu kudikira kuti akonze pamene paonongeka. Cacinayi, kumapha cilakolako ca cakudya ndi kubweretsa kutopa, motero munthu amadya pang'ono ndi kukhala pansi nthawi yaitali.

Apa ndi pamene vuto limayamba kudzidyetsa lokha. Munthu wongokhala amataya mnofu, ndipo m'malo mwake mumalowa mafuta, makamaka a pamimba. Mafuta a pamimba amatulutsa timadzi toyambitsa kutupa, kutupako kumadyanso mnofu wotsala, ndipo munthu amafookeratu. Ndiye cifukwa cake ngakhale munthu wonenepa angakhale ndi matenda a kutha kwa minofu, mafuta ataphimba kuonda kwa m'kati.

Zimene zimakoleza motowu kuno kwathu

Mbali ina ya kutupa imacokera ku ukalamba weniweniwo. Maselo ena akakalamba amaleka kugawikana koma safa, ndipo amakhala akutulutsa timadzi tokwiyitsa maselo anzao. Koma mbali yaikulu imacokera ku matenda ndi makhalidwe amene tingawasinthe.

M'dziko la Zambia, kacirombo ka HIV kali patsogolo pa mndandanda. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa m'caka ca 2021 anapeza kuti anthu 11 mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kacirombo. Kucokera pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'caka ca 2005, anthu ambiri amene akanamwalira ali moyo, ndipo ena tsopano ali ndi zaka 50, 60 ndi kupitirira. Mankhwalawa amatsitsa kwambiri kutupa, koma mwa anthu ambiri sikutheratu. Kafukufuku wa SMART, amene anaimitsidwa m'caka ca 2006, anasonyeza kuti kudukiza mankhwala kumaonjezera matenda ndi imfa, ndipo ofufuza atapima magazi anapeza kuti zizindikiro za kutupa zinakwera mwa amene anadukiza. Wacikulire amene ali pa ma ARV asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Cifuwa ca TB cimadziwika ndi aliyense kuti cimaondetsa. Malungo obwerezabwereza, amene ndi ofala m'cigawo ca Kum'mawa, amagoneka munthu masiku angapo nthawi iliyonse. Matenda a shuga, a impso, a mtima ndi nyamakazi amayenda limodzi ndi kutupa. Matenda a nkhama nawonso amakoleza motowu, ndipo mano akaguluka agogo amasiya nyama ndi nshawa zokazinga, n'kumangodya phala. Fodya, kacasu, ndiponso utsi wa nkhuni ndi wa mbaula m'nyumba yotsekeka zimakwiyitsa mapapo tsiku ndi tsiku.

Kugona pa bedi nthawi yaitali ndi mdani wina. Ofufuza a ku America anasonyeza m'caka ca 2007 kuti okalamba athanzi amene anagonekedwa masiku 10 anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Wodwala akayamba kupeza bwino, cikondi ceniceni ndi kumuthandiza kudzuka ndi kuyenda pang'ono monga mwa uphungu wa acipatala.

Pali nkhani ina yopatsa ciyembekezo. M'caka ca 2025, magazini ya Nature Aging inafalitsa kafukufuku woyerekeza anthu a ku Italy ndi Singapore ndi anthu a mtundu wa Tsimane ku Bolivia ndi Orang Asli ku Malaysia, amene ambiri a iwo amakhala moyo wa kumudzi. Ku Italy ndi ku Singapore kutupa kunkakwera pamodzi ndi zaka. Mwa a Tsimane ndi a Orang Asli sikunatsatire zaka mwa njira imeneyo, ndipo sikunayendere limodzi ndi matenda okhalitsa a ukalamba. Izi zikusonyeza kuti malo amene munthu akukhala, cakudya cake ndi nchito zake zili ndi mbali yaikulu. Phunziroli ndi lofunika kwa opuma pa nchito amene amabwerera ku Chipata kucokera ku Lusaka ndi ku migodi, n'kuyamba kukhala pa mpando tsiku lonse.

Mmene banja lingadziwire

Gulu la akatswiri a ku Ulaya limene linakonzanso malangizo ake m'caka ca 2018 linati cizindikiro coyamba kuciyang'ana ndi mphamvu, ndipo kukula kwa mnofu kumabwera pambuyo. Ku cipatala amapima mphamvu ya dzanja ndi kacipangizo kofinya. Mwamuna akalephera kufika makilogalamu 27, kapena mkazi makilogalamu 16, ndiye kuti mphamvu zatsika.

Kupima kwina kungacitike pakhomo. Agogo akhale pa mpando wolimba woyedzamira ku cipupa, apinde manja pa cifuwa, ndipo aimirire ndi kukhalanso kasanu motsatizana, wina ataima pafupi kuwateteza. Akatenga masekondi opitirira 15, kapena akalephera popanda kugwira, miyendo yafooka. Katumba wa mwendo akapimidwa ndi tepi ya telala pamalo ponenepa kwambiri n'kupezeka kuti sakufika masentimita 31, ndi cizindikiro cina. Kuyenda pang'onopang'ono kwambiri, kugwa kawirikawiri, ndi zovala kuyamba kukula ndi zinthu zosayenera kuzinyalanyaza.

Zizindikirozi zikaoneka, pitani nawo ku kiliniki ya Kapata kapena ina iliyonse yapafupi, kuti akapimidwe TB, HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kucepa kwa magazi. Kuonda msanga popanda cifukwa kungakhalenso cizindikiro ca khansa. Ofunika cithandizo capamwamba amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca Chipata Central, ndipo m'cigawoci mulinso zipatala za Mwami ndi St Francis ku Katete.

Mankhwala oyamba ndi kugwiritsa nchito minofu

Pakali pano palibe mankhwala akumwa kapena jekeseni amene anavomerezedwa kuti amaciza kutha kwa minofu. Cimene casonyeza mphamvu kuposa zonse ndi masewera olimbitsa thupi olimbana ndi colemera.

M'caka ca 1990, dokotala Maria Fiatarone wa ku Boston anafalitsa zotsatira za nchito imene anacita ndi nkhalamba khumi za zaka pafupifupi 90 za m'nyumba yosungira okalamba. Atacita masewera onyamula zolemera ndi miyendo kwa milungu isanu ndi itatu, mphamvu zao zinaonjezeka kupitirira kawiri. Izi zinathetsa ganizo lakuti pali msinkhu umene munthu wacedwa.

Masewerawa amazimanso moto wa kutupa. Katswiri wa ku Copenhagen, Bente Klarlund Pedersen, anasonyeza kuti mnofu ukamagwira nchito umatulutsa timadzi take, timene m'caka ca 2003 anatipatsa dzina lakuti myokines. Cocititsa cidwi ndi cakuti kamodzi mwa timadzi timeneti ndi IL-6 yemwe uja. Akatuluka kwa kanthawi kocepa kucokera ku mnofu wogwira nchito, amadzutsa timadzi tina toziziritsa kutupa. Amakhala woipa pamene akhala wokwera kosalekeza m'thupi longokhala.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo aziyenda ndawala kapena kucita nchito yofanana nayo kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo, ndipo masiku atatu azicita masewera othandiza kuima bwino osagwa. Zimenezi sizilira ndalama. Kuimirira ndi kukhala pa mpando kakhumi, kukankha cipupa ndi manja, kunyamula botolo la malita awiri la madzi, kuima ndi zala za kumapazi mutagwira msana wa mpando, ndi kukwera kamtunda pang'onopang'ono, zonsezi zimathandiza. Colemeraco ciziwonjezedwa pang'ono mlungu ndi mlungu. Kulima kumathandiza m'nyengo ya dzinja, koma miyezi ya cilimwe isakhale yongokhala pa khonde. Amene ali ndi vuto la mtima, kapena amamva kupweteka pa cifuwa ndi cizungulire, ayambe aonana ndi acipatala.

M'mbale ya agogo

Akatswiri a gulu la PROT-AGE analangiza m'caka ca 2013 kuti wokalamba azidya galamu imodzi mpaka 1.2 ya zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku ndi tsiku. Agogo olemera makilogalamu 60 afunika magalamu 60 mpaka 72. Nsima yokha ndi masamba owiritsa sizingafike pamenepo mosavuta.

Mwayi wa cigawo ca Kum'mawa ndi wakuti zakudya zoterezi zimalimidwa konkuno. Cigawoci cimadziwika ndi ulimi wa nshawa, ndipo malo ofufuzira za ulimi a Msekera ali pafupi ndi Chipata. Magalamu 100 a nshawa ali ndi magalamu pafupifupi 25 a zomanga thupi, nyemba zouma zili ndi opitirira 20, soya ali ndi opitirira 30, dzira limodzi lili ndi 6, ndipo kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi 8. Kapenta wouma, mbewa, inswa ndi nkhuku ya kumudzi ndi zakudya zomanga thupi kwambiri. Kwa amene alibe mano, nsinjiro zithiridwe m'phala ndi m'ndiwo za ciwawa kapena bonongwe, kapenta asinjidwe, ndipo nyemba ziphikidwe mpaka kufewa. Nshawa zacuku zitayidwe, cifukwa zimakhala ndi poizoni woononga ciwindi. Ndi bwino kugawa zakudyazi m'mawa, masana ndi madzulo. Odwala impso okha ndiwo ayenera kufunsa dokotala asanaonjezere.

M'mabanja ambiri agogo amadzimana kuti adzukulu akhute, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinaonetsa mmene okalamba amavutikira cakudya cikasowa. Mwana wabwino aziyang'ana zimene zatsala m'mbale ya makolo ake.

Cenjezo pa mankhwala ogula

Ena angaganize kuti popeza vuto ndi kutupa, mankhwala ngati bulufeni ndi diclofenac ndiwo yankho. Madokotala akucenjeza kuti kumwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumaononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, makamaka mwa okalamba. Mankhwala a prednisolone ndi dexamethasone amatsitsadi kutupa, koma akamwedwa nthawi yaitali amadya mnofu womwewo ndi kufooketsa mafupa. Asamwedwe popanda dokotala.

Udindo wa boma ndi wa mudzi

Cigawo ca Kum'mawa cili ndi mbiri pa nkhani yosamalira okalamba. M'caka ca 2007, boma la Katete linasankhidwa kuyesera ndondomeko yopereka ndalama kwa anthu a zaka 60 ndi kupitirira, pansi pa pulogalamu ya Social Cash Transfer imene inayambira ku Kalomo m'caka ca 2003. M'caka ca 2015 dziko la Zambia linakhazikitsa mfundo zake zokhudza okalamba, ndipo bungwe la United Nations linacha zaka za 2021 mpaka 2030 kuti ndi zaka khumi za kukalamba ndi thanzi. Mabanja amene ali ndi okalamba ovutika angafunse ku ofesi yoona za cisamaliro ca anthu ku Chipata za mmene angalembetsere.

Nkhaniyi ilinso ndi mbali yokhudza ulemu wa munthu. M'madera ena nkhalamba yoonda, yoyenda mowerama ndi yonjenjemera imalozedwa cala kuti ndi mfiti. Lamulo la Witchcraft Act, mutu 90 wa malamulo a Zambia, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a zaumoyo m'makomboni ali ndi mwayi wofotokozera anthu kuti kuonda ndi kufooka kumeneku kuli ndi zifukwa zodziwika, ndiponso wosonkhanitsa acikulire kuti azicitira pamodzi masewera kawiri pa mlungu.

Akuluakulu anati mau a akulu akoma akagonera. Kuti mau amenewo tipitirize kuwamva, eni ake afunika miyendo yowafikitsa pa bwalo, ku chalichi ndi ku munda. Acipatala akulangiza kuti banja lililonse liyese agogo ake pa mpando mlungu uno, ndipo ngati alephera kuimirira kasanu m'masekondi 15, apite nawo ku kiliniki osadikira kuti ayambe agwa.